Musanagule kagalu, kaoneni kaye mayi wake



Sabata yatha ndinalandira uthenga kuchokera kwa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Biology zaka zapitazo. Pano ndi namwino ku Lilongwe, akukhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, mpanda umodzi ndi eni nyumba. Ananditumizira chithunzi cha kagalu koyera mbee, ubweya ngati thonje, kariboni kofiira pamutu, n'kundifunsa kuti, "Sir, kameneka mukukaona bwanji? Ndikufuna kagalu kakang'ono koti kazindichingamira ndikaweruka." Ndinamuyankha kuti asapereke kaye ndalama. Yankho lonse ndi lino, ndipo ndalilemba poyera poti ndikudziwa kuti si iye yekha. Pasukulu pathu pompano pali aphunzitsi atatu amene ana awo akuwasowetsa mtendere ndi nkhani ya galu.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Mu 2021, malipiro atangolowa, ndinapita m'tauni kukagula zofunika pakhomo. Pobwerera, mnyamata wina m'mbali mwa msewu anandikwezera kagalu m'mwamba ndi dzanja limodzi, kofiirira, pachifuwa poyera. Anati ndi Jack Russell weniweni, ka miyezi 2, kobaya kale. Khadi la katemera sindinafunse. Za mayi wake sindinafunse. Ndinangonenerera mtengo, n'kukaika m'katoni, ulendo pa minibasi. Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali mu Sitandade 4, anakatcha Popi, ndipo usiku umenewo anachita kudzuka kawiri kukakasuzumira.

Kanasewera masiku 4. Lachisanu lake kanakana kudya, kenako kanayamba kusanza, kenako kutsekula m'mimba kwa magazi, fungo lake loti simungaliiwale. Ine ndinati tidikire Loweruka, poti ndinali ndi makalasi. Titafika kwa a vetenale anati ndi matenda otchedwa parvo, ndipo atakayang'ana mano anati kagaluko sikanakwane n'komwe masabata 6. Kanafa tsiku la 9. Tinakakwirira kuseri kwa nyumba pafupi ndi nthochi, ndipo tikubwerera mwana uja anandifunsa kuti, "Adadi, paja inu si mumaphunzitsa za katemera?" Ndinalibe poyankhira. Mpaka lero ndikamafika pa mutu umenewo m'kalasi, funso lija limandibwerera.

Tsono maganizo anga ndi awa. Funso loti "mtundu uti wa galu ndi wabwino" si loyamba ayi, ndi lachitatu. Loyamba n'loti nyumba imene mukukhalayo ndi ya ndani, ndipo masana pakhomopo pamatsala ndani. Lachiwiri n'loti ndalama ya katemera ndi chakudya ichokera kuti mwezi ukafika pa 20. Zithunzi za pa Facebook zimatilumphitsa mafunso awiriwa.

Galu wamng'ono amakhala moyo wautali kuposa wamkulu. Akamasamalidwa, zaka 12 mpaka 15 si zachilendo. Tawerengetsani nokha. Mwana amene ali mu Fomu 1 lero adzalemba MSCE, adzapita ku koleji, adzayamba ntchito, mwina adzakutumizirani khadi la ukwati, galuyo akadali pakhonde panu kudikira mbale yake. Nanga ife aphunzitsi m'zaka 15 timasamutsidwa kangati? Lero muli m'nyumba ya sukulu yokhala ndi bwalo lalikulu. Chaka chamawa kalata yabwera, mwapita ku CDSS kumene nyumba za aphunzitsi zilipo ziwiri zokha, mukuchita lendi pa tireding'i, chimbudzi chimodzi mabanja anayi. Eni nyumba ena safuna galu m'pang'ono pomwe, ena chifukwa cha phokoso, ena chifukwa cha chipembedzo chawo, ndipo ndi ufulu wawo. Agalu ambiri amene mumawaona akuyendayenda pa sukulu zathu, nthiti zili pamtunda, kudikira zotsala ku kitchini ya ogonera, anali ndi eni ake. Eni akewo anakwera lole ya katundu n'kupita.

Apa ndiye ndimavomereza kuti galu wamng'ono ndi woyenera moyo wa mphunzitsi. Amadya pang'ono, amakwana m'nyumba yaing'ono, ndipo tsiku losamuka mumangomunyamula pamiyendo. Koma kuchepa thupi si kuchepa ntchito, ndipo mitundu imene anthu amaithamangira ili ndi mbiri yake yofunika kuidziwa.

Titenge Jack Russell, amene ine ndinkaganiza kuti ndagula. Dzinalo ndi la m'busa wina wa ku Devon ku England, John Russell, amene ankakonda kusaka nkhandwe. Galu amene anayambira mtunduwu anamugula mu 1819 akuphunzira ku Oxford. Cholinga chake chinali galu wamng'ono wopirira, wotha kuthamanga tsiku lonse pambuyo pa akavalo, n'kulowa kuuna kukatulutsa nyama. Magazi amenewo sanathe. Jack Russell ndi wanzeru, wolimba, ubweya wake waufupi ndi wosavuta, ndipo makoswe pakhomo amatha. Koma mukamutsekera kuyambira 7 koloko mpaka 3 koloko, amadzipezera yekha ntchito. Akumba pansi pa mpanda wa udzu, atafuna nsapato, ndipo mwa zonse, agwira nkhuku. Inu mukudziwa kuti pa mzere wa nyumba za aphunzitsi aliyense amaweta nkhuku. Tambala wa a hedi akangofa kamodzi, nkhani yake simudzaimaliza. Galu ameneyu ndi wa munthu woyenda, amene m'mawa ndi madzulo angathe kuzungulira naye bwalo la mpira.

Dachshund, uja ana amati galu wa soseji, ndi wa ku Germany, ndipo dzina lake limanena za ntchito yake yosaka kanyama kokumba pansi kofanana ndi chiuli chathu. Nayenso amakumba, ndipo amauwa mawu aakulu osalingana ndi thupi. Vuto lake lili pa msana wautaliwo. Umavulala msanga, makamaka galuyo akanenepa kapena akamadumpha kuchoka pa mpando, kapena ana akamamunyamula ngati chidole miyendo ili lendelende. Msana ukavulala, miyendo yakumbuyo imatha kufa, ndipo opaleshoni yake si ya malipiro a mphunzitsi.

Pug ndi French Bulldog, aja a nkhope yophwatalala, ndinganene mosapita m'mbali kuti si a dziko lino. Amene munamvetsera Biology mukukumbukira kuti galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Amaziziritsa thupi popuma wefuwefu, lilime lili kunja. Tsono agalu amenewa mphuno zawo ndi zazifupi, njira ya mpweya ndi yopanikizika, kupuma kwa tsiku ndi tsiku komwe amachita kuliza nkonono. Aikeni mu Okutobala wa ku Salima kapena ku Chikwawa, kumene kutentha kumafika madigiri 40, magetsi atazima, fani itaima. Si kuweta kumeneko, n'kuzunza. Chihuahua wa ku Mexico uja ndi wamng'ono kuposa onse, nthawi zambiri sapitirira makilogalamu 3, koma mwana akamugwetsa mwendo umatha kuthyoka, ndipo m'nyengo yozizira ya ku Dedza amangonjenjemera. Pakhomo pa ana ang'onoang'ono ayi.

Tifike tsono pa koyera kaja ka pachithunzi, kamene kuno timangoti Maltese. Ndi tiagalu tofatsa, tokonda anthu, ndipo timakhala bwino m'nyumba yaing'ono. Ndikumvetsa chifukwa chake mwana wanga wa ku Lilongwe anakopeka. Koma ubweya wakewo umangokulirakulira, ndipo umafuna chipeso pafupifupi tsiku lililonse. Kakangodutsa kamodzi pa thengo, kabwera ndi chisoso thupi lonse. Ubweya ukapotana, nkhupakupa ndi utitiri zimabisala pansi pake osaoneka, ndipo nkhupakupa zimapereka matenda otha magazi amene amapha galu m'masiku ochepa. Fumbi la katondo likafika, koyera kaja kamasanduka kofiira. Komanso kagalu kotere kamadana ndi kukhala kokha, kamalira mpaka anansi kutopa. Chikomekome cha mkuyu. Ngati mulibe mphindi 10 za chipeso tsiku lililonse ndi lumo lometera mwezi ndi mwezi, kasiyeni pachithunzi pomwepo.

Mwina mwaona kale kumene ndikulowera. Galu amene ndimamuyamikira kwa munthu woyamba kuweta ndi wathu wakumudzi yemweyu, kapena wosakanizika amene makolo ake onse ndi ochepa thupi. Timamunyoza poti ndi wa ulere, koma akatswiri a ku South Africa anamuona kuti ndi mtundu pawokha mpaka anamupatsa dzina loti Africanis m'zaka za m'ma 1990. Ubweya wake ndi waufupi moti nkhupakupa imaonekera patali, mphuno yake ndi yaitali yopuma bwino, thupi lake linazolowera dzuwa lathu. Ndisakunamizeni, si wamng'ono ngati Chihuahua, ambiri ndi apakatikati, ndipo popanda mpanda amakonda kuyendayenda. Komanso ndikane bodza lija loti galu wachikuda sadwala. Parvo ndi chiwewe sizisankha mtundu. Koma pa galu woti akwane m'thumba la mphunzitsi ndi m'nyengo yathu, ine voti yanga ili pamenepo. Amene akufuna galu woti anthu azimufunsa mtengo wake, zimenezo ndi zina.

Mtundu uliwonse umene mungasankhe, lamulo langa ndi limodzi: kaoneni mayi wake ndi maso anu, pakhomo pamene kagaluko kabadwira. Ana agalu onse amaoneka ang'ono. Mnzathu wina wophunzitsa masamu anagula "Maltese" wake pamsewu, pano ndi wamkulu ngati mbuzi, ndipo ubweya woyera uja unathera pa miyezi 5. Mayi ndiye amakuuzani kukula kwa mwanayo. Amakuuzaninso khalidwe. Ngati mayiyo ndi wamantha, wobisala, kapena wolusa moti simungamuyandikire, ana ake ambiri amatengera. Muonenso pamene akugona, ngati pali paukhondo, ngati abale ake ali onenepa ndi osewera. Wogulitsa akayamba zoti mayi wake ali kutali, tikumane pa filing'i siteshoni, bwererani ndi ndalama yanu. Ndipo kagalu kasachoke kwa mayi wake kasanakwane masabata 8. Pa masabata amenewo kamayamwa, komanso kamaphunzira kwa mayi ndi abale ake kuti kuluma kuli ndi malire. Ndikudziwa kuti mtima umagwa chisoni ukaona kagalu kali lende m'dzanja la mnyamata padzuwa. Ine ndinagwa nacho chisoni chomwecho. Koma ndalama yanga ija inangomutuma mnyamatayo kukatenga kena mawa lake.

Kukonzekera kwenikweni si kugula mbale ya maluwa ndi kolala. Choyamba pezani a vetenale kagalu kasanabwere. Dziwani kumene ali, masiku amene amapezeka, ndi mtengo wa katemera, ndipo ndalamayo muisunge padera. Katemera woteteza ku parvo ndi matenda ena a ana agalu amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakatha masabata 3 kapena 4 mpaka kagalu katakwana masabata 16. Jakisoni mmodzi sakwanira. Kasanamalize, kasamayende kumsika kapena kununkhiza kumene agalu ena amachita chimbudzi. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, n'chifukwa chake a vetenale anatiuza ife kuti titsuke khonde ndi Jik, titenthe chiguduli chimene Popi ankagonapo, ndipo tisathamangire kutenga kena. Mankhwala a njoka za m'mimba nawo ndi ofunika, masabata 2 aliwonse kakadali kakhanda, kenako motalikirapo monga angakuuzeni. Njoka zina za agalu zimalowa mwa ana amene amasewera padothi. Ndipo katemera amasungidwa m'firiji. Wotuluka m'thumba la malaya a munthu woyenda khomo ndi khomo padzuwa musamudalire. Aliyense wobaya alembe m'khadi tsiku ndi dzina la mankhwala.

Pa chiwewe ndiye ndiime pang'ono, chifukwa apa nkhani si ya galu wanu yekha. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa galu, ndipo anthu 4 mwa 10 alionse amakhala ana osakwana zaka 15. Amenewo ndi ana a Sitandade 5, ana a Fomu 1, athu omwewa. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibe chipatala chingamupulumutse munthuyo. Koma ndi matenda otheka kuwaletsa. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amasowa podumphira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo ambiri amene ankabwera ndi agalu pa malo obayira anali ana. Kagalu kanu kabayidwe kakakwana miyezi 3, ndipo muzibwereza monga a vetenale anenera. Pa 28 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, likhale lokukumbutsani kuyang'ana khadi.

Choopsa cha kagalu kakang'ono n'choti timakapeputsa. Galu wamkulu akaluma mwana, mudzi wonse umathamanga. Kagalu kakakanda ndi dzino posewera, timati palibe kanthu. Chonsecho nako kangathe kukhala ndi chiwewe, makamaka kosadziwika kumene kachokera. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wokayikitsa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osati Loweruka ngati ndinachitira ine ndi Popi. Ife okhala m'nyumba za sukulu, kumene ana mazanamazana amadutsa pakhomo tsiku lililonse, kuweta galu wosabaya ndi mlandu, ngakhale wina asatitengere kukhoti. Aphunzitsi anzanga, mphindi 5 za pa asembule zingakwane kuwauza ana zimenezi.

Za chakudya ndidutse mwachangu. Mkute wokha sukuza kagalu. Kakadali kakang'ono kamadya katatu kapena kanayi patsiku, pang'onopang'ono. Amene mungathe kugula chakudya cha ana agalu cha m'sitolo, gulani. Ife timaphika phala la mgaiwa, kuthiramo usipa wosinja, tsiku lina dzira lophika, ndi masamba pang'ono. Chenjerani ndi zotsala za patebulo, chifukwa ndiwo zathu pafupifupi zonse zimakhala ndi anyezi, ndipo anyezi amawononga magazi a galu. Chokoleti, mphesa ndi mtedza wa makadamiya, uja wa ku Thyolo, ndi poizoni kwa iye. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati singano. Mkaka wa ng'ombe umatsekula m'mimba ana agalu ambiri. Panado ndi Brufen zili za inu, osati za galu. Mankhwala ophera nkhupakupa za ng'ombe osangothira mongoyerekeza, kathupi kakang'ono sikapirira. Ndipo mankhwala a makoswe akwere pamwamba kagalu kasanalowe m'nyumba.

Nkhani ya pogona inatiyambanitsa ndi apongozi anga. Iwo amati galu ndi wa panja, ndipo galu wolowa m'nyumba ndi za azungu. Sindinena kuti azigona pabedi. Koma kagalu ka masabata 8 mukakasiya panja usiku, mwakapereka kwa chisanu, kwa akuba agalu, ndi kwa afisi, amene ngakhale mu mzinda wa Lilongwe amayenda usiku. Tinagwirizana zoti kazigona m'katoni pa kona ya kitchini. Pamenepo n'pabwinonso pa chitetezo. Galu wamng'ono si msilikali, ndi belu. Ntchito yake n'kukudzutsani, ndipo amene ali mkati, wakuba sangamuponyere nyama ya temeki. Nsalu yogonapo muzichapa, kuyanika pa chingwe ndi kusita, makamaka m'dzinja, chifukwa ntchentche ija imene imaika mphutsi pakhungu la ana athu imakondanso ana agalu, ndipo imaikira mazira pa dothi ndi pa nsalu zonunkha mkodzo.

Kuphunzitsa ndiye ntchito yathu, sindikuuzani zambiri. Kakangodzuka, kakangomaliza kudya, katulutseni panja pa malo amodzimodzi, kakachita bwino kayamikireni pomwepo. Kumenya kapena kukanyika mphuno pa mkodzo sikuphunzitsa kanthu koma mantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma. Ife amene tinaika pansi chikoti m'kalasi tisakachitolenso kunyumba. Miyezi 3 yoyambirira ndi imene kagalu kamazolowera dziko. Kaone ana ofatsa, abambo a chipewa, njinga, nkhuku, kali m'manja mwanu. Ndipo ana asukulu auzidwe kuti mwala ayi. Ngati ndi kakakazi, kambiranani ndi a vetenale za opaleshoni yotseka kubereka. Galu wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, agalu a mudzi wonse amadzagona pakhomo panu, ndipo wamng'ono akakweredwa ndi chigalu chachikulu, ana amatha kukanirira pobereka.

Nthawi yabwino kwa mphunzitsi ndi kumayambiriro kwa holide yaitali, mu Ogasiti. Muli pakhomo, mvula kulibe, ndipo pofika potsekulira sukulu kagalu kazolowera. Koma ngati dzina lanu lili pa mndandanda wa okachonga mayeso, dikirani. Musasiyire akazi anu kapena amuna anu khanda limene sanalipemphe.

Ife tinadikira zaka 2. Mu Ogasiti 2023 tinatenga kagalu kwa mayi wina wa m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Tinapitako katatu. Mayi wake ndi wamfupi, wofiirira, wa makutu oimirira, ndipo anatinunkhiza n'kukagona. Bambo wake anatilozera, wa pakhomo loyandikana, nayenso wosakula. Mwana wanga anakatcha Tadikira, monga mwa mwambo wathu uja woti dzina la galu lizilankhula, ndipo ndikudziwa kuti dzinalo likulankhula kwa ine. Khadi la katemera amasunga yekha, mu envulopu imodzi ndi malipoti ake a sukulu.

Tsono iwe mwana wanga wa ku Lilongwe, chita izi. Pita kwa eni nyumba ukawafunse, ndipo akavomera, avomere pamaso pa mboni. Kenako tenga ndandanda yako ya ntchito uwerenge masiku amene umagwira usiku mwezi uno, undiuze amene azikatulutsa panja kagaluko 5 koloko m'mawa iwe uli ku wodi. Ngati munthu woteroyo palibe, usatenge khanda. Pita ku LSPCA komweko ku Lilongwe ukafunse za agalu akuluakulu ofuna pokhala. Galu wamkulu kukula kwake ukuona ndi maso, khalidwe lake akuuza, ndipo usinkhu wotafuna nsapato anaudutsa kale. Ukapitako unditumizire chithunzi china, ndidzakuyankha tsiku lomwelo.